Matabwa a Pomu a Mkulu Tua

Fungo linamupeza Vang A Khua asanazimitse njinga yamoto. Linali la mtengo wa pomu ndithu, koma lochuluka mopitirira, lofika mpaka kumsewu. Pabwalo la nyumba ya a Giang panagona matabwa anayi aatali ndi awiri aafupi, ndipo amuna anawazungulira manja ali kumbuyo.

Khua anali wapolisi wa deralo, wobadwira m'mudzi momwemo wa Pang De. Milandu yake yambiri inali ya njati zoweta zosokera ndi anyamata oswana mitu pamsika atakhuta kachasu wa chimanga. Milandu ya pachibale sankaikonda, chifukwa ukaifukula kwambiri umapezamo azakhali ako. Koma uwu sakanauthawa. M'nyumbamo mkulu Giang Nhia Tua anali atasiya kudya, ndipo matabwa amene anali pabwalowo anali a bokosi lake la maliro.

Mmisiri amene anaitanidwa kudzalumikiza bokosilo, Sung A Vu, anali munthu wa mawu ochepa ngati amachita kuwagula. Anakodola Khua, nanyamula kasemasema, nagwaza thabwa limodzi m'mphepete. Chibenthu chinagwa pansi choyera mbuu.

"Tanunkhiza kunjaku," anatero Vu.

Khua ananunkhiza. Pomu.

"Tsopano mkatimu."

Mkatimo munali fungo la utomoni wa paini, lija la matabwa omangira khola.

"Paini wopakidwa mafuta a pomu, kenako mwaye pamwamba," anatero Vu. "Pomu weniweni akakalamba pansanja amakhala chete. Amanunkhira ukamuvulaza basi. Uyu akufuula ndisanamukhudze."

"Enawa onse?"

"Onse."

Aliyense pabwalopo ankadziwa tanthauzo lake. Kwathu kumapiri kuno munthu wa mtundu wa Hmong amagona m'bokosi la pomu, mtengo umene chiswe chimauthawa ndipo madzi amautopera. Ukamuika munthu mu paini, bokosi limaola mafupa asanaume, ndipo akuti womwalirayo akanyowa kumandako ana ake amadwala kuno. Mkulu Tua anadula mtengo wake ali mnyamata, nkhalango isanatsekedwe, naung'amba yekha ndi zikhomo zamtengo. Masiku ano pomu woimirira sungamukhudze osapita kundende. Matabwa amenewo akasowa, ena sakanapezeka.

"Akudziwa?" anafunsa Khua, akuloza kunyumba ndi chibwano.

"Ayi," anayankha Giang A Lenh, mwana wamkulu wa mkuluyo. Maso ake anali ofiira. "Akungofunsa kuti bokosi latha? Ndikuwauza kuti a Vu akuchedwa. Achimwene, wakuba ndikumudziwa ine. Ndi Kiem, wotcheza mafuta kumtsinje uja. Musataye nthawi ndi mafunso. Mukapanda kumugwira lero, ine ndi abale anga tikamuphika mu mgolo wake womwewo."

"Unamuona?"

"Ndani wina ali ndi mafuta a pomu kuno? Zitsa zatha m'phiri, mizu yatha, watsala ndi mabokosi a makolo athu. Chaka chatha anabwera pano kudzawanyengerera bambo kuti amugulitse. Bambo anamuthamangitsa ndi chikuni."

"Matabwawa ankakhala kuti?"

"Pansanja, kuseri kwa chimanga."

"Amakwerako ndani?"

"Ine. Bambo akadali ndi mphamvu. Basi."

"Nyumba inakhalapo yopanda mwamuna?"

Lenh anaganiza. "Nthawi yokolola mpunga, pamene ndinapita ndi bambo kuchipatala cha kuboma. Ana anali kusukulu yogonera komweko. Munatsala mayi a kunyumba okha."

"Ndiwafunse."

"Afunseni, koma akuuzani chiyani? Sua chilowere m'nyumba muno sanapondepo pamakwerero. Inunso mukudziwa. Matabwa amenewo sanawaonepo n'komwe."

Khua ankadziwadi. Mkazi wokwatiwa sakwera nsanja ya m'nyumba ya apongozi ake. Akafuna chimanga amaima pansi n'kutuma mwamuna kapena mwana. Palibe amene amafunsa chifukwa chake, monga palibe amene amafunsa chifukwa chimene mvula imagwera pansi.

Anamuuza Lenh kuti asasunthe pakhomo, nakwera njinga kulowera kumtsinje.

*

Dang Van Kiem anali wakuchigwa, wonenepa, wolankhula ngati wailesi. Chisakasa chake chinali pamphepete mwa mtsinje, migolo iwiri ikuluikulu itakhala pamoto, mpope wodutsa m'madzi, ndi botolo kumapeto kumene mafuta achikasu ankadonthera pang'onopang'ono pamwamba pa madzi. Ankatcheza mafuta monga amayi amatchezera kachasu, kungoti iye ankaphika tizibenthu ta zitsa ndi mizu ya pomu. Mafutawo ankapita ku Hanoi, n'kuwoloka nyanja, n'kukathera m'timabotolo ta perefyumu pakhosi pa akazi amene sanaonepo phiri.

"Bwana wapolisi! Khalani, khalani, tiyi alipo. Ndamva kale, musavutike kundiuza. Mudzi uno nkhani imafika kumtsinje isanatuluke pakamwa. Akuti ndaphika bokosi la agogo. Ine? Onani nokha, gwirani, vundukulani. Mizu yokhayokha. Ndili ndi chilolezo cha mizu."

Khua anavundukula mulu wa tizibenthu ndi phazi. Tinali tokhotakhota, todzaza dothi lofiira. Panalibe ngakhale kamodzi kosalala mbali imodzi ngati kochokera ku thabwa.

"Unafuna kugula matabwa amenewo."

"Ndinafuna, sindikana. Kufuna si mlandu, bwana, bwenzi tonse tili m'ndende. Koma taganizani. Ine ndikaba matabwa, ndikawaphika, phulusa ndataya mumtsinje, nkhani yatha. Ndivutikirenji kusema ena a paini, ndiwapake mafuta anga omwe, ndiwabweze pamalo? Mafuta amenewo ndimadikira tsiku lonse kuti adzaze kapu. Ndiwathire pa paini? Ndine wakuba mwina, koma wopusa ayi."

Khua sanafune kuvomereza, koma mawuwo anali olunjika. Wakuba wofuna mafuta sabweza kanthu. Wobweza ndi amene amakhala pafupi, amene safuna kuti m'nyumba mudziwike kuti mwasowa chinthu.

"Ndani anagulapo mafuta kwa iwe, wa m'mudzi muno?"

"Sindigulitsa pang'onopang'ono. Onse ali ndi mwini wake ku Hanoi." Kiem anakanda pamimba. "Kupatula mayi mmodzi. Nthawi yokolola. Anabwera ndi tambala wamkulu wakuda, akuti ndimupatse botolo limodzi. Ndinati mayi, mafuta awa si okazingira. Sanaseke. Anangoima pamenepo tambala ali m'khwapa mpaka ndinachita manyazi."

"Dzina lake?"

"Bwana, maina anu amandizungulitsa mutu. Anavala mpango wamandalasi, siketi yopindapinda, dzino lagolide."

"Wafotokoza theka la akazi a m'phiri lino."

"Ndiye ndithandizeni ndi theka linalo. Koma chimodzi ndikukumbuka. Anafunsa kuti fungo limakhala nthawi yaitali bwanji pamtengo. Ndinati likatha mubwerenso ndi tambala wina."

Khua anamuuza kuti azimitse moto apite kwa mnzake kuboma mpaka maliro atatha. Kiem anayamba kudandaula za mgolo umene unali pakati pa kuwira, koma atamva kuti ana a Giang akunola zikwanje, anathira madzi pamoto yekha.

*

Atabwerera, Khua sanalankhule ndi munthu. Analowa m'nyumba, nadutsa pafupi ndi bedi la mkulu Tua mwakachetechete, nakwera makwerero ndi tochi.

Nsanjayo inali pamwamba pa moto, ndipo chilichonse chinali chakuda ndi utsi wa zaka. Chimanga cha chaka chatha chinali chitaunjikidwa ngati khoma kuchokera uku kufika uko. Panali mpata umodzi wokha, umene Lenh ndi Vu anatsegula m'mawa womwewo potulutsa matabwa, ndipo zisononkho za pamenepo zinkaoneka zoyera kumene zinagundana. Kwina konse mwaye unali utagona bwinobwino. Palibe amene anasunthapo chimangacho chiunjikireni.

Ndiye matabwa enieni sanatsikire pamakwerero.

Anakwawa kudutsa pampatapo. Kuseri kwa chimanga kunali malo opanda kanthu pamene pankagona matabwa, ndipo kumapeto kwake kunali khoma la matabwa oimika, la kumbuyo kwa nyumba. Anawalitsa tochi pansi. Mapazi a Lenh ndi Vu anali pafupi ndi mpata. Kupitirira apo, kulowera kukhoma, kunali mizere yakale yokhulika, yoloza kunja, imene mwaye watsopano unayamba kuikwirira. Pambali pa mizereyo panali timabala tating'ono tambiri, ngati nkhuku inajompha, pamene chitsulo chopindika chinkakola n'kuphonya, kukola n'kuphonya.

Koma panalibe phazi, bondo kapena chikhatho.

Anatsika, nazungulira kuseri. Nyumba za kuno zimatsamira phiri, ndipo ukaima pachitunda cha kumbuyo, nsanja imakufika pachifuwa. Matabwa atatu a khomalo anali omangidwa ndi luzi latsopano pamene ena onse anali ndi lakale lakuda. Pamtengo wa pichesi umene unali pamenepo panali chipsera chozungulira, pamene chingwe chinadya khungwa chikukoka cholemera.

Khua anakhala pachitundapo nayatsa fodya. Nkhaniyo inkaoneka, ndipo sanaikonde. Munthu anamasula khoma, nakola matabwa ndi ngowe ali panja, nawakoka ndi chingwe ndi njati. Kenako anakankhira a paini mkati, akadali panja pomwepo. Ntchito yotere ndi yowawa. Kulowa n'kumanga chingwe bwinobwino kukanatenga kanthawi kochepa, ndipo khoma linali lotsegula kale. Kiem akanalowa. Mnyamata aliyense wa pamsika akanalowa. Lenh akanangokwera makwerero a kwawo masana dzuwa likuswa mtengo. Munthu mmodzi yekha m'dziko lonse akanatha kuba bokosi la mkulu Tua koma n'kuopa kuika bondo pansanja yake.

*

Mua Thi Sua anamupeza kukhola la nkhumba, akuduladula thunthu la nthochi. Anali mayi wamfupi, wamapewa otakata ngati onse amene anakula akusenza nkhuni kumsana. Sanadzutse mutu.

"Mlamu, tambala wanu wakuda uja ali kuti?"

"Anadyedwa ndi vumbwe."

"Vumbwe wake amatcheza mafuta kumtsinje?"

Mpeni unapitiriza kugwa pathunthu, koma pang'onopang'ono.

"Ndaona khoma la kuseri," anatero Khua. "Ndaona pamene ngowe inkaphonya. Mukanalowa, mlamu, bwenzi ndikufunafunabe mpaka pano. Bwenzi ndikukayikira mudzi wonse."

"Ine sindikwera pansanja ya apongozi," anatero Sua. Ananena mwaukali, ngati wamunamizira chinthu chonyansa.

"Ndikudziwa. N'chifukwa chake ndabwera kwa inu."

Anaika mpeni pansi, napukuta manja pasiketi. Atatsegula pakamwa, dzino lagolide linaoneka.

"Sindinagulitse," anatero. "Musandiike pamodzi ndi aja ogulitsa makolo awo. Ndalama sindinagwire."

"Ndiye ali kuti? Mkulu uja satha masiku ambiri. Mukandiuza pano, tikawatenga ndi njati, a Vu alumikiza, ndipo nkhaniyi ndiyesa kuti ithere pabwalo pano."

Sua anaseka pang'ono, kuseka kopanda chimwemwe.

"Amayi anga anamwalira mpunga utangolowa m'nkhokwe. Munabwera kumaliro inu, munadya nyama. Bambo anga anawasiyira matabwa a pomu, abwino kuposa awa. Alongo anga anawagulitsa kwa otcheza mafuta zaka zapitazo, wina anagula njinga yamoto, wina foni. Amayi atadwala anawasemera a paini. Amayi anawaona ali pakhonde. Anangondigwira dzanja n'kundifunsa kuti, mwanawe, kumandako kumazizira bwanji madzi akalowa?"

Khua anataya fodya.

"Ndinaganiza kuti apongozi achira," anapitiriza Sua. "Anapita kuchipatala akuyenda okha. Ndinati ali ndi zaka zina, ndipo ine ndipeza ena, ndifunsa kutsidya, ndifunsa ku Laos, ndibweza asanadziwe. Ndafunsa paliponse. Kulibe."

"Alongo anu akudziwa kumene anachokera?"

"Anangolandira n'kuwapala kuti ayere. Munthu amene anagulitsa bokosi la mayi ake safunsa mafunso."

Khua anamva chisoni, ndipo chisonicho chinamukwiyitsa, chifukwa sichinkathandiza kanthu. Matabwa anawapeza, koma anali pansi pa nthaka kutsidya kwa phiri, muli munthu. Palibe lamulo la boma kapena la makolo limene likanawatulutsa. Ndipo mkazi amene wachotsedwa m'nyumba ya mwamuna wake kuno sabwerera kwa makolo ake ngati mwana. Amakamanga kachisakasa pambali, n'kudzafera kunja kwa mizimu ya nyumba iliyonse.

"Ndiyenera kumuuza Lenh," anatero. "Akapanda kudziwa, apha munthu wosalakwa."

"Ndimuuza ndekha."

Sanafunike kupita kutali. Lenh anali akubwera kale kuchokera kubwalo, chikwanje chili m'manja.

"Achimwene, akuti Kiem wathawa. Mwamuthawitsa ndinu? Matabwa mwawapeza?"

"Ali ndi amayi anga," anatero Sua. "Kumanda."

Lenh anamuyang'ana ngati walankhula chinenero cha kuchigwa.

"Ndinawatenga ine, muli kuchipatala. Musayang'ane a Khua, yang'anani ine. Tsiku loika amayi, mkamwini ndi amene amasenza matabwa kupita nawo kumanda. Chivundikiro munasenza ndinu, paphewa lanu. Mutafika pamwamba munawauza alongo anga kuti, koma ndiye mwapeza mtengo wabwino, ngati wa bambo anga."

Khua anayandikira pang'ono, maso ali pachikwanje. Koma Lenh anangochisiya, chikwanjecho chinagwera m'matope a nkhumba. Anagwira phewa lake lamanja, ngati likumupwetekabe.

Pamenepo Vu anaonekera pakona ya nyumba.

"Mkulu uja akuitana," anatero. "Akuti abweretsereni chivundikiro achigwire."

*

Analowa nacho awiri, Lenh ndi Vu, chifukwa panalibe njira yokanira. Khua anawatsatira. Sua anaima pakhomo, sanapitirire.

Mkulu Tua anali atatha, khungu ndi mafupa, koma maso ake anali akuthwa. Awiriwo anamuikira thabwalo pambali pa bedi. Iye anatambasula dzanja, nalisisita kuchokera pakati kulowera m'mphepete, pang'onopang'ono, monga munthu amasisitira njati yake. Kenako ananunkhiza zala zake. Anagogoda thabwalo ndi chikhadabo, namvetsera.

"Mtengo wanga sunkalira chonchi," anatero.

Anatembenuzira maso kwa mwana wake.

"Lenh, ndakufunsa kangati za bokosi, iwe n'kumati a Vu akuchedwa? Vu sanachedwepo chibadwire." Anapuma, mpweya ukulira pachifuwa. "Wapolisi wabwera kudzatani m'nyumba mwanga? Khua, ndiwe mwana wa Vang Chu, sunama bwino. Auphika?"

"Sanauphike, agogo."

"Ndiye wagonamo munthu."

"Inde."

"Ndani?"

Lenh anatsegula pakamwa, koma mawu anachokera pakhomo.

"Amayi anga, bambo."

Mkuluyo sanatembenuze mutu kuti amuone. Anayang'ana kudenga, ku nsanja yakuda imene mtengo wake unagona zaka zonse kuyambira Lenh asanabadwe. Khua anaona misozi ikutsikira m'makutu mwake, ndipo anadziwa kuti munthuyo akuopa, mantha enieni a munthu amene wakhala moyo wonse akudziwa pogona pake n'kuuzidwa pakhomo kuti malo atha.

"Unakwera pansanja panga?" anafunsa.

"Ayi, bambo. Ndinakokera kunja."

Mkuluyo anatseka maso, mpaka Vu anawerama kuti aone ngati akupumabe.

"Mayi ako anakwanamo?"

"Anakwanamo, bambo. Malo anatsalako kumiyendo."

"Ndinayeza msinkhu wanga," anatero mkuluyo.

Sananene kuti wamukhululukira, ndipo sananene kuti achoke. Anachotsa dzanja lake pathabwalo, nalipukuta pabulangete mpaka fungo la mafuta litachepa.

"Vu, lumikiza zimenezi. Zikhomo zamtengo, usaikemo msomali. Lenh, malo aja ndinakuonetsa pafupi ndi kasupe, pambali pa mayi ako, uwasiye. Ukandikumbire pamwamba, pamiyala, pouma. Paini sapirira madzi."

"Bambo, pamenepo mukakhala nokha."

"Ndikudziwa," anatero mkulu Tua, natembenukira kukhoma.